Chishango cha a Mokhles Chacha

Munthu woyamba kunditchula chitsiru m'dziko la Amereka anali a Mokhles, ndipo tinali tisanathe ndi mphindi khumi zomwe tili m'galimoto imodzi.

Ine ndi amuna anga a Anisul tinasamukira ku Buffalo, mzinda wa m'malire ndi Canada, ndili ndi zaka 46, titatopa ndi kachipinda ka lendi ku New York. Kumeneko munthu umakalamba osagwirako chiwongolero, chifukwa sitima imakupeza pakhomo. Kuno ayi. A Anisul ankanyamuka m'mawa pa galimoto ya mnzawo kupita ku fakitale, yathu n'kumangokhala pabwalo itakwiririka ndi chipale, ine n'kumaima pa siteji ya basi ndi thumba la mpunga, mphuno italeka kumva. Tsiku lina mnansi wanga Parul anandipeza ndikulira pakhomo, zala zitauma moti kiyi ndikulephera kumupotokola.

"Bhabi," anatero, poti kwathu ku Bangladesh mkazi wa mnansi ndi mlamu wako basi, "imbirani a Mokhles Chacha akuphunzitseni kuyendetsa. Salipiritsa. Koma ulemu wanu muusiye kunyumba, mudzaupeza pobwera."

Aliyense amawatcha Chacha, ngati kuti ndi bambo aang'ono a tauni yonse, ngakhale anthu owaposa zaka. Anabwera Lachiwiri m'mawa pa Corolla yotuwa, bambo wamfupi wa ndevu zofiiritsa, chipewa chaubweya chitatsikira m'makutu. Anayang'ana mpando wakumbuyo n'kufunsa kuti mnzanga ali kuti. Lamulo lawo linali limenelo: mkazi saphunzira yekha, pazikhala mkazi mnzake kumbuyo. "Anthu athu pakamwa sipaundana ngakhale kuzizire chotani," ankatero. Ndiye Parul anakwera, ndipo tinapita pabwalo loimikapo magalimoto la sitolo ina yaikulu imene inatsekedwa kalekale.

"Ponda buleki," anatero.

Ndinaponda. Galimoto inalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, iwo n'kukoka handibuleki.

"Pamenepo ndi pa moto, chitsiru iwe! Ukufuna tikadyere nkhomaliro ku Canada? Pasipoti watenga?"

"Pepani, Chacha."

"Usapepese ine, pepesa mtengo uwo, ndi umene unatsala pang'ono kufa."

Ndinalumbira mumtima kuti sindidzabweranso. Lachinayi ndinabwera. Patapita miyezi inayi ndinakhoza mayeso ulendo wachiwiri, ndipo nditatuluka ndi kapepala kanga, zonse zimene ananena n'zakuti, "Woyesayo ayenera kuti akudwala maso." Koma pobwerera anandisiyira chiwongolero mpaka kunyumba, dzanja lawo lili pa bondo, osati pa handibuleki.

Mbiri yawo ndinaitola pang'onopang'ono, pakati pa kutukwana. Anabadwira ku Pabna, kwathu komweko. Anayamba ndi malole onyamula luzi lopangira masaka, kenako zaka zisanu ndi zitatu ku Saudi akuyendetsa banja la bwana wina, kenako takisi ku New York zaka makumi awiri ndi ziwiri mpaka msana unakana. Akazi awo anamwalirira komweko. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rezaul, ali ku Dallas, amagwira za makompyuta. Iwo anagula kanyumba kakale kuno n'cholinga choti apume.

Sanapume. M'chaka chawo choyamba, mayi wina wa mumsewu wawo anawagogodera masana ali wosavala nsapato. Mwana wake wabanika ndi mphumu, mwamuna ali kutali ndi thiraki, Chingelezi choitanira ambulansi alibe, chonsecho galimoto ili pabwalo ndipo makiyi ali pa msomali. A Chacha anawathamangitsira kuchipatala. M'mawa mwake anabwereranso n'kumuuza mayi uja kuti, "Tsitsa makiyi ajawo pa msomali." Chiyambi chinali chimenecho. Kuyambira pamenepo, kupatula Lachisanu, Corolla ija inkazungulira pabwalo la sitolo lija m'mawa uliwonse, pa mafuta awo. Malipiro ankakana mwaukali. Tiyi yekha ankalandira, n'kumudandaula kuti ndi madzi otsukira mbale. Sanalembepo dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Ine nditawerenga okhawo amene ndikuwadziwa, ndinapitirira zana.

Bungwe la anthu akwathu kuno limachita mwambo chaka chilichonse m'mwezi wa Malichi, pokumbukira ufulu wa dziko lathu. Timabwereka holo, ana amaimba, akuluakulu amalankhula, ndipo pamapeto, miphika ya mpunga wa biriyani isanatsegulidwe, amapereka zishango kwa anthu amene atumikira anzawo mongodzipereka. Ndi timatabwa topukutidwa bwino, pakati pali kachitsulo kolembedwa dzina. Sindinama, ena amene amalandira amayeneradi, monga amayi awiri amene amasambitsa maliro athu. Koma chaka chimene ndinayamba kupenyetsetsa, zishango zinapita kwa dokotala amene anapima anthu shuga Loweruka limodzi, kwa mwini sitolo ya nsomba, ndi kwa mlamu wake wa msungichuma, pa chifukwa chimene mpaka lero sindichidziwa. Nthawi yonseyo a Chacha anali panja akulondolera magalimoto poima, monga ankachitira chaka chilichonse popanda wowapempha.

Patapita masiku angapo ndinawaperekeza kwa dokotala wa maso. Tili m'njira, ine ndikuyendetsa, anangoti phwa:

"Dilruba, zishango zija amagula kapena amafunsira?"

Ndinaseka. "Bwanji, Chacha, mukuchifuna?"

"Ndikuchifuna. Ndibisirenji?"

Ndinkayembekezera kuti anena zimene okalamba onse amanena, zoti mphoto yawo ili kwa Mulungu. Ayi. Anandiuza kuti akulu awo ku Pabna anali mphunzitsi wamkulu, khoma lawo ladzaza zithunzi akugwirana chanza ndi anthu otchuka, ndipo kwa zaka makumi asanu akhala akuwatchula kwa alendo kuti "mng'ono wanga dalaivala uja". Anandiuzanso kuti atapita ku Dallas anamva Rezaul akuuza anzake kuti bambo ake ankachita bizinesi ya mtengatenga.

"Za kumwamba n'za kumwamba," anatero. "Ine ndikufuna chithunzi chimodzi ndili pa nsanja, akundipatsa chinthu m'manja, anthu akuomba m'manja kumbuyo. Chimodzi basi. Indiketa! Ukufuna akumbuyowo alosere?"

Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya sabata imodzi.

Mlembi wa bungwe ndi a Shahnewaz, bambo wa magalasi amene amalankhula ngati akuwerenga chikalata. Anandilandira bwino kwambiri. "Aa, a Chacha! Munthu wagolide, bhabi." Kenako anatulutsa fomu ya masamba anayi. Pankafunika zithunzi zoonetsa ntchitoyo ikuchitika, ndi makalata khumi osainidwa ndi anthu amene anathandizidwa.

"Shahnewaz bhai," ndinatero, poti kwathu bhai ndiye kuti achimwene, "kodi dokotala uja anabweretsa makalata khumi?"

"Iyeyo panali zithunzi, bhabi. Tonse tinaona."

Zithunzi a Chacha analibe. Ndani akanalola kujambulidwa? Koma makalata khumi pa anthu zana, ndinati chimenecho n'chiyani. Ndinayambira kwa Parul.

Parul anatseka chitseko cha kukhitchini kaye. "Bhabi, mukufuna kundiphera banja? Abambo a kuno amadziwa kuti anandiphunzitsa ndi iwowo."

"Iwowo?"

"Masabata atatu, Lamulungu lokhalokha. Ndinali nditaphunzira kale kwa a Chacha miyezi isanu iwo ali ku ntchito. Ndinkachita kulakwitsa dala kuti asadabwe. Panopa paliponse amadzitama kuti mkazi wanga ndinamuphunzitsa masiku atatu. Ndiye lero ndikasaine kuti chiyani?"

Ndinapita kwa wina, Moyna. Anaphunzira mobisa chaka chathunthu kuti adzathe kuchoka kwa mwamuna amene ankamumenya, ndipo anachokadi, ana awiri kumbuyo ndi zovala m'mapepala a zinyalala. Anandigwira manja onse awiri n'kulira. Anati a Chacha amawapempherera tsiku lililonse, koma dzina lake lisalembedwe pa pepala lililonse lodutsa m'manja mwa komiti, chifukwa m'komitimo muli msuweni wa mwamuna uja. Ameneyo sindinamukakamize.

Amuna ndiye anandiwawitsa mutu. Onse anabadwa akuyendetsa. Wina amene ndinamuona ndi maso angawa akugunda mgolo wa zinyalala pabwalo lija anandiuza kuti kwawo ku Dhaka anali ndi magalimoto awiri, a Chacha ankangomuonetsa misewu. Wina anati asaina mawa, mawa lake mpaka lero. Bongololo sadzolera mafuta pagulu, ndinazindikira mochedwa.

Ndinapempha a Chacha kuti anditchulire mayina ena. Anakana. "Munthu akalowa m'galimoto mwanga, manyazi ake amatsala momwemo."

"Ndiye chishango mudzachipeza bwanji?"

"Imeneyo ndi ntchito yako. Ine ndinakuphunzitsa kubwerera m'mbuyo, unali wosavuta iwe?"

Tsiku lotsekera linafika ndili ndi makalata asanu ndi limodzi, limodzi langa. A Shahnewaz anawawerenga kawiri, n'kundibwezera mwaulemu wonse. "Malamulo, bhabi. Tikaphwanyira mmodzi, mawa aliyense abwera ndi amalume ake."

Chaka chachiwiri ndinayamba msanga. Ndinkayenda ndi mapepala m'chikwama kumaukwati, ku chipatala, ngakhale pa Idi. Akazi ankati akandiona n'kumabisala kuseri kwa mashelefu m'sitolo. A Anisul anayamba kudandaula kuti anzawo kumzikiti akuwafunsa ngati mkazi wawo akufuna kuima pa chisankho. Koma pofika Januwale ndinali ndi makalata makumi awiri ndi anayi, ena olembedwa ndi akazi amene anachita kuphunzira kusaina tsiku lomwelo. Ndinapempha kuti ndikaonekere ndekha ku komiti.

Komiti imakumana kunyumba kwa wapampando, a Talukdar, amene ali ndi nyumba za lendi zambiri kuno. Amuna asanu ndi awiri pa masofa, ine pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi chitseko. Woyamba kulankhula anali bambo wina amene ali ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Anati iye alibe chifukwa ndi munthu, koma bungwe lisaoneke ngati likulimbikitsa anthu kuphunzira kwa munthu wopanda mapepala a uphunzitsi, pamene ena akulipira msonkho. Wina anati wamva kuti nkhalambayo imatukwana azimayi. Wina anafunsa ngati inalipira umembala. A Talukdar anapukusa ndodo ya magalasi m'kamwa, kenako anati:

"Bhabi, tilankhule ngati pachibale. Pa nsanja paja pamakwera madokotala, mainjiniya, timaitana ndi alendo a kunja kwa mtundu wathu. Timafuna aone kuti anthu a ku Bangladesh afika pati. Ndiye tikweze dalaivala wa takisi, chipewa chili m'makutu? Tikhoza kumuthokoza mwanjira ina. Mbale ya biriyani yapadera, kapena..."

Apa m'pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera. Nyengo yozizira ya chaka chimene ndinkaphunzira, tsiku lina ndinafika msanga pabwalo la sitolo lija. M'Corolla munali bambo atadzikulunga mpango mpaka m'maso, akuyesa kuimika galimoto pakati pa zidebe ziwiri, a Chacha akukuwa. Mpangowo unatsika pamene ankatuluka kukadzutsa chidebe. Ndinasunga zimenezi zaka zinayi.

"Talukdar bhai," ndinatero, "pamene munkagwetsa zidebe pabwalo la sitolo lija mutafunda mpango, chipewa chawocho simunachione? Kapena chinayamba kununkha mutakhoza ulendo wachisanu?"

Wina anatsokomola pofuna kubisa phwete. A Talukdar anavala magalasi awo pang'onopang'ono n'kunena kuti nkhaniyi aiona, tipite pa mfundo yotsatira, ya mtengo wa holo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Chaka chimenecho dzina la a Chacha silinatchulidwe n'komwe.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti a Chacha atamva sanandiyamikire. Anabwera kunyumba, osakhala pansi.

"Ndani anakutuma kuvula munthu pagulu?"

"Amakunyozanitu, Chacha!"

"Andinyoze. Munthu uja anabwera kwa ine ali ndi zaka 55, akunjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Ndinamulonjeza kuti sizidzamveka. Tsopano aliyense aziti Mokhles amaulula."

"Ndiye ndisiye?"

"Ndati usiye? Ndati uchite mwanzeru!"

Ndipo iwo eni sankathandiza. Lachisanu lotsatira, pamaso pa mzikiti wonse, anauza a Shahnewaz kuti aimika galimoto ngati ng'ombe yogona pamsewu, n'kuwafunsa ngati laisensi yawo inabwera ndi makalata khumi. Ndinawaimbira foni ndikuphulika.

"Chacha, munthu amene akusunga fomu yanu ndi ameneyo!"

"Ndiye aziimika mokhota chifukwa akusunga fomu?"

Ndinatsala pang'ono kuwotcha mapepala onse. A Anisul anati ndiwotche, tigone tulo. Koma m'chaka chachitatu ine ndi akazi ena asanu ndi atatu tinagwirizana kuti chakudya cha pa mwambo, chimene akazi timaphika ulele chaka ndi chaka, sitiphika. Sitinakuwe, tinangouza a Shahnewaz kuti misana ikutipweteka tonse. Patapita masiku anayi anandiimbira.

"Bhabi, komiti yaganiza mozama. Zishango chaka chino zinaitanitsidwa kale, zilipo zisanu. Koma tawonjezera gawo latsopano, la masatifiketi othokoza. A Chacha alimo."

"Pa nsanja?"

"Pa nsanja, bhabi. Ndi wojambula yemwe."

Ndinapita kukawauza ndikuopa kuti akana pepala m'malo mwa thabwa. Anangofunsa kuti, "Lili ndi felemu?" Ndinati ndigula ndine. "Pa chithunzi sizioneka kusiyana," anatero. Sabata imeneyo anakasoketsa malaya aatali oyera a kwathu, anafiiritsanso ndevu, ndipo anaimbira akulu awo ku Pabna kuti adikire chinthu pa foni Loweruka.

Mwambo unayenera kuyamba 1 koloko masana. Unayamba cha m'ma 3. A Chacha anafika 12 koloko, opanda chipewa, mutu uli mbee, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaime panja. Ndinawakhazika mzere wachitatu, pambali pa ine ndi a Anisul. Ana anaimba. A Talukdar analankhula mphindi makumi anayi za umodzi. Wachiwiri wawo anati sanena zambiri, n'kunena zambiri. Alendo atatu analankhula. Zishango zisanu zinaperekedwa, wolandira aliyense n'kugwiranso chimkuzamawu kuthokoza makolo ake. Fungo la biriyani linali litalowa kale m'holo, ana akulira, anthu akuyang'ana kuchitseko. A Chacha anakhala mowongoka pa mpando, manja pa mawondo, ngati mwana wa sukulu.

Pamenepo woyang'anira holo, mzungu wamtali, analowa n'kunong'oneza a Shahnewaz. Galimoto ina inatseka njira ya ozimitsa moto, ndipo ikapanda kuchotsedwa mu mphindi zisanu aitana oikoka, mwambo n'kuima. Inali ya mmodzi wa alendo olemekezeka, amene anali pa nsanja akujambulitsa. A Shahnewaz anatenga makiyi, anamwazamwaza maso, n'kubwera molunjika pa mzere wathu.

"Chacha, pepani, malo ake ndi opanikiza kwambiri, chipale mbali zonse. Palibe wina angaitulutse koma inu."

Ndinawagwira mkono. "Musapite. Apite a Anisul."

"Amuna akowa? Akaigunditsa," anatero a Chacha, ndipo ndinaona kuti mawu aja akuti "palibe wina koma inu" awakomera. Anatenga makiyi. "Mphindi ziwiri."

Atangotuluka, a Talukdar anayang'ana wotchi n'kulengeza kuti chifukwa cha nthawi, masatifiketi awerengedwa mofulumira, olandira abwere onse pamodzi. Ndinaimirira n'kukweza dzanja. Palibe anandiona, kapena anasankha kusandiona. Mayina khumi ndi awiri anawerengedwa ngati mndandanda wa zogula. La a Chacha linali lachisanu ndi chinayi. Linatchulidwa kawiri.

"Palibe? Chabwino, wotsatira."

"Ali panja! Mwawatuma ndinu!" ndinakuwa, koma anthu anali akukoka kale mipando.

Ndinathamangira panja ndi nsapato za pamwambo, ndikuterereka. Ndinawapeza atatulutsa galimoto ija bwinobwino, koma kumbuyo kwake kunali ina imene mayi wina anali kulephera kubweza, ndipo iwo anali ataweramira pa windo lake akukuwa kuti, "Kumanzere! Kumanzere kwako, osati kwa amako!" Malaya oyera aja anali atathimbirira matope m'munsi.

"Chacha, akuitanani! Thamangani!"

Munthu wa msana wake sathamanga. Pamene tinkalowa, nsanja inali yopanda munthu, wojambula ali pa mzere wa chakudya mbale ili m'manja, ndipo anyamata a holo akuzula mawaya. A Shahnewaz anatipeza m'khonde, mpunga uli m'kamwa. Anapukuta dzanja pa buluku, anasolola pepala m'kati mwa faelo n'kuwapatsa.

"Zabwino zonse, Chacha. Munasowa kuti?"

A Chacha analitalikitsa pepalalo ndi maso awo ofookawo, kenako anandipatsa kuti ndiwawerengere. Pa fomu ndinalemba dzina lawo lonse katatu konse, Mokhlesur Rahman Pramanik. Pa satifiketi panalembedwa kuti Mokhles Dalaivala.

"Fomu ija inasokonekera, bhabi," anatero a Shahnewaz. "Tinangolemba mmene anthu amawadziwira. Tikonza, ndi nkhani ya sabata imodzi."

Ndinkayembekezera kuti a Chacha agwetsa holo ndi mawu. Ndinkafuna atatero. Koma anangobweza makiyi a mlendo aja, anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba, n'kufunsa a Anisul ngati angawabwereke chipewa. Sanadye. Akulu awo ataimba Lamulungu kufunsa za chinthu chija, anawauza kuti mwambo unalephereka chifukwa cha nyengo.

Anaphunzitsabe mpaka Ogasiti. Kenako dokotala wa maso ananena zimene tonse tinkaziona, kuti sayeneranso kukhala kutsogolo kwa galimoto. Rezaul anabwera, anagulitsa kanyumba kaja ndi Corolla, n'kuwatenga kupita ku Dallas. Tinawaperekeza ku bwalo la ndege akazi anayi. Parul anabwera atanamiza mwamuna wake kuti akupita kogula nsomba.

Satifiketi yokonzedwa ndinaitsatira miyezi khumi. Mwezi wina makina osindikizira afa, mwezi wina wapampando sanasaine, mwezi wina a Shahnewaz ali ku Dhaka ku ukwati. A Chacha akaimba foni ankayamba ndi kundifunsa ngati ndasintha oyilo, kenako n'kuti, "Nanga anzako aja?" Ine n'kuti sabata ya mawa. Akazi obwera kumene amandiimbirabe kufunsa nambala ya bambo wophunzitsa ulele uja. Ndinayesa kuphunzitsa mmodzi ndekha, tinatha masiku atatu, ndinapeza kuti ndikumutukwana kuposa mwini wake, popanda luso lake.

Mwezi wathawu, ndikuphika, foni inalira. Anali a Shahnewaz, mawu ali pansipansi.

"Bhabi, tangomva kumene. Mtima wanga wasweka. Bwanji simunatiuze kuti a Chacha anatisiya?"

"Anatisiya chaka chatha, Ogasiti. Aliyense akudziwa."

"Mulungu awalandire. Munthu wagolide. Komiti inakumana dzulo, tagwirizana tonse, ndi a Talukdar omwe, popanda wotsutsa. Chaka chino tiwapatsa chishango chachikulu, cha utumiki wa moyo wonse. Tiika chithunzi chawo tsamba lathunthu m'kabuku ka mwambo, tidzaima chete mphindi imodzi. Mungatipezere chithunzi chabwino, ndi tsiku limene anamwalira?"

Ndinazimitsa moto.

"Shahnewaz bhai, a Chacha ali moyo. Anatisiya kupita ku Dallas. Dzana lomweli amandikalipira za matayala."



"Ali moyo," anatero.

"Ali moyo. Ndiye chishangocho muwapatse. Ndiwalipirira ndege ndine, adzakwere pa nsanja ndi miyendo yawo."

"Aa... ayi, n'zosangalatsa kwambiri, bhabi, tithokoze Mulungu. Kungoti, mukuona, gawo limeneli tinalikonzera amene anatsogola. Kwa amoyo ndondomeko yake ndi ina. Pafunika fomu."

Sindikumbuka zonse zimene ndinawayankha. A Anisul akuti anazimva ali panja akuchotsa chipale, ndipo kumzikiti Lachisanu lotsatira sanapite.

Nditapuma ndinaimbira ku Dallas n'kufotokoza zonse, mawu ndi mawu. A Chacha anamvetsera osandidula, chinthu chimene sanachitepo.

"Chachikulu bwanji?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Chishangocho. Anati chachikulu bwanji?"

"Sindinafunse, Chacha."

"Ndi tsamba lathunthu?"

"Lathunthu."

Anapumira m'mwamba. "Dilruba, pakamwa pakopo. Zaka zinayi ukulankhula, osaphula kanthu. Tsiku limodzi lokha limene unafunika kungokhala chete, walankhulanso."